Mbuzi Tinadya Koma Mlandu Sunathe

Zikomo abusa pondipatsa mpata. Abale ndi alongo, nkhope zina pano ndinaziona kuseri kwa waya, ena muli ndi abale kumeneko, ndipo ndikudziwa kuti ena muli ndi kapepala ka kupolisi m'thumba pompano. Kulalikira ine sindidziwa. Ndabwera kudzangonena mmene ndinakhalira m'ndende miyezi khumi ndi umodzi pa mlandu umene ine, mkazi wanga, ngakhalenso munthu amene ndinamuvulazayo, tonse tinkati unatha kalekale.

Ndine Zuze. Kwathu kwenikweni ndi kwa Malemia ku Nsanje, koma ndinakwera kuno ndili mnyamata kudzadula nzimbe, ndipo ndinakwatira kwa Maseya. Kwathu ife timalowola n'kutenga mkazi. Ine ng'ombe ndinalibe, ndiye ndinakhala mkamwini pamudzi pa mkazi wanga Esinati, n'kumalima dimba la kwawo. Dimba limenelo linachita malire ndi la mchimwene wake, alamu anga a Alufandika.

Mowa ndinayamba pang'onopang'ono ngati wina aliyense. Ukaweruka kumunda uli bii ndi phulusa la nzimbe, msana ukuyaka, umati kabotolo kamodzi kongotsitsira fumbi. Kabotolo kanabala anzake. Kapitawo anandichenjeza kawiri, ulendo wachitatu anandilanda chikwanje n'kundiuza kuti ndikapume kunyumba mpaka kalekale. Ndinapitadi kukapuma, koma kumene ndinkapumira kunali kwa mayi wotcheza kachasu.

Chaka chimenecho Shire anasefukira n'kukokolola nthochi zimene zinali malire a madimba athu. Madzi ataphwa panangotsala mchenga ndi matope, paliponse pofanana. Alamu anayamba kuunda mizere ya mbatata, ine n'kunena kuti andilowerera ndi mizere itatu. Mizere itatu, abale. Tsikulo ndinali nditamwa kuyambira m'mawa. Tinakangana, iwo anati, "Iwe ndiwe wobwera, malire a pano ungawadziwe kuposa ine?" Ndinagulula mpini wa khasu n'kuwamenya kawiri pamkono wamanja. Ndinamva fupa likuthyoka ngati bango louma.

Alamu sanafune n'komwe kukandinenera. Koma mukudziwa kuti munthu womenyedwa akapita kuchipatala amamufunsa kalata ya kupolisi. Anapita kukatenga kalatayo, anawafunsa amene wawamenya, ananena. Mawa lake apolisi ananditenga. Ndinagona m'chitokosi masiku awiri, kenako anandipatsa belo ndi kapepala kolembapo tsiku lokaonekera kukhoti.

Tsikulo lisanakwane, atsibweni a Esinati anaitanitsa ankhoswe. Mkulu wanga anachokera ku Nsanje atakoka mbuzi. Tinakhala pansi pa mtengo wa nimu, alamu ali ndi chikhakha chawo pamkono, ine ndinagwada n'kupepesa. Mbuzi inaphedwa, tinasamba m'beseni limodzi, tinadyera mbale imodzi. Atsibweni anati, "Chibale ndi fupa, sichiola. Nkhaniyi taikwirira pano lero. Amene adzaifukule, kaya ndiwe Zuze kaya ndiwe Alufandika, wolakwa adzakhala iyeyo." Tonse tinawomba m'manja.

Kapepala ka belo kaja ndinapichira fodya. Sindikunama. Ndinkati mlandu watha, ndiye pepala ndi lachiyaninso.

Panadutsa miyezi isanu ndikumwabe. Tsiku lina njinga yanga inabedwa kumowa konko, ndipo ine ndi miyendo yangayi ndinapita kupolisi kukadandaula. Wapolisi analemba dzina langa, anandiyang'ana, analowa chipinda china. Atabwerako anati, "Za njinga tikambirana. Yambani mwavula lamba ndi nsapato." Ndinati bwana, ine ndine wodandaula. Iye anati, "Munathawa belo, khoti linatulutsa chikalata choti mugwidwe. Mlandu suola, bambo."

Kukhoti zinkalankhulidwa m'Chingerezi, wina n'kumamasulira. Anandiwerengera mlandu wovulaza munthu kwambiri, n'kundifunsa, "Mukuvomera kapena mukukana?" Ine ndinati, "Bwana, nkhaniyi inatha kumudzi, mbuzi tinadya." Anthu anaseka. Anandifunsanso, ndinabwereza zomwezo. A majisitireti analemba, womasulira n'kundiuza kuti popeza sindinavomere, khoti latenga kuti ndakana, ndiye boma libweretse mboni. Belo anandikaniza chifukwa yoyamba ija ndinaithawa. Madzulo ake ndinali pa rimandi.

Za m'ndende sindikamba zambiri, ena mukuzidziwa kuposa ine. Kutentha kwa kuno mukukudziwa, ndiye muganize muli anthu ochuluka m'chipinda chimodzi, kugona chokhala, mawondo a mnzako ali m'nthiti mwako. Sabata yoyamba ndinkanjenjemera chifukwa chosowa mowa, ndinkaona zinthu zoyenda pakhoma. Zitatha zimenezo sipanabwere china chilichonse. Sindinkalira, sindinkapemphera, ngakhale kukwiya ndinasiya. Akati tulukani ndinkatuluka. Akati khalani pamzere ndinkakhala. Mtima unangochita dzanzi ngati mwendo woukhalira.

Pakapita masabata angapo ankatikweza galimoto kupita kukhoti. Dzina langa likaitanidwa ndinkaimirira, wapolisi wozenga mlandu n'kunena kuti wodandaula sanabwere ngakhale anamutumizira chisamani. A majisitireti ankapereka tsiku lina. Tsiku lina lija likafika, wodandaula sanabwerenso. Nthawi ina madzi anadula msewu, sitinapite n'komwe. Ndinasiya kumvetsera masiku amene ankatchulawo. Ndinkangodziwa kuti alamu sakubwera, ndipo ndinatsimikiza mumtima kuti akuchitira dala kuti ndiolere momwemo.

Esinati ankabwera mwa apo ndi apo, ulendo ndi wautali. Ulendo woyamba anayamba kunena kuti, "Achimwene akuti kukhoti sangapondeko..." Ine sindinadikire kuti amalize, ndinatenga kathumba ka zakudya n'kubwerera mkati. Kuyambira pamenepo dzina la alamu sitinkalitchulanso. Ankandiuza kuti mwana wathu wamng'ono wayamba kuyenda, ine n'kuti chabwino. Ankati mbalame zatha mapira, ine n'kuti chabwino. Tsiku lina anafika maso ali ofiira n'kundiuza kuti mayi anga amwalira ku Nsanje, anaikidwa Lachitatu. Ndinamuyang'ana, kenako ndinamufunsa ngati wabweretsa sopo. Anandipatsa sopoyo akulira, ine n'kulowa mkati. Ndi mmene ndinalili, abale. Munthu woyenda, wodya, koma mkati mulibe munthu.

Mwezi wa khumi kunabwera mayi wina wa m'gulu la anthu oyendera ndende kuphunzitsa za malamulo. Sanali loya, iye mwini ananena. Anali wamfupi, wa mawu aakulu, atavala nsapato zafumbi ngati wachokera kumunda. Anatisonkhanitsa ife a rimandi pamthunzi wa khoma n'kunena kuti tichite sewero la khoti. Wina anakhala wapolisi, wina womasulira, wina woimbidwa mlandu. Ine ndinali nditakhala kumapeto, ndikungoyang'ana nyerere. Anandiloza. "Bambo inu ofatsa nkhope, mukhala majisitireti." Anzanga anaseka, anandikoka n'kundikhazika pa ndowa yovundikira.

Sewero linayamba. Woimbidwa mlandu wa m'sewerolo anafunsidwa ngati akuvomera kapena akukana, iye n'kuyamba kufotokoza mbiri ya agogo ake. Mayi uja anaimitsa n'kutembenukira kwa ine. "A majisitireti, munthuyu sanati inde, sanatinso ayi. Mulemba chiyani?" Ndinati sindikudziwa. Iye anati, "Lamulo likuti mulembe kuti wakana, chifukwa khoti silingamuvomerere munthu mlandu. Ndipo akakana, simungagamule mpaka mutamva mboni. Mboni zikapanda kubwera, inu muchita chiyani?" Kenako ndinamva pakamwa panga pakunena kuti, "Ndipereka tsiku lina."

Sewero litatha sindinadzuke. Mayi uja anabwera n'kukhala pansi pafupi nane, pafumbi pomwepo.

"Bambo, mlandu wanu ndi wotani?"

Ndinamufotokozera, mawu ochepa, kuyambira pa mizere itatu mpaka pa mbuzi.

"Ndiye amene akukuimbani mlandu ndani?"

"Alamu anga."

"Ayi. Alamu anu ndi mboni chabe. Pachikalata cha mlandu wanu sipanalembedwe kuti Alufandika akulimbana ndi Zuze. Panalembedwa kuti dziko likulimbana ndi Zuze."

Ndinati, "Nkhabe, ayi, dziko ine sindinalimenye."

Anaseka pang'ono, ndipo anatola kamtengo n'kumajambula pansi uku akulankhula. Anati pa tsiku limodzi lija ndinapalamula nkhani zitatu zosiyana, ndipo iliyonse ili ndi khomo lake. Malire a dimba ndi chibale chimene chinasweka, zimenezo ndi za mwambo, akuluakulu a banja ndi bwalo la kumudzi ali nazo mphamvu, ndipo mbuzi inagwira ntchito yake pamenepo. Alamu akadafuna chipukuta misozi cha mkono wawo, akadakasuma okha kukhoti, umenewo ndi mlandu wa pakati pa munthu ndi munthu, mwini wake atha kuuyamba, athanso kuusiya. Koma kuthyola munthu fupa ndi upandu. Umenewo mwini wake ndi boma, chifukwa boma limati ukamenya mmodzi waopseza onse. Amene angautseke ndi khoti lokha.

"Mbuzi yanu a majisitireti sanadye nawo," anatero. "Sakudziwa n'komwe ngati inaliko."

Anajambulanso mizere itatu yosanjikizana. Pansi khoti la majisitireti, kumene ndinali ine. Pamwamba pake Khoti Lalikulu, kumene munthu amakachita apilo akaona kuti sanamuweruze bwino, komanso kumene kumapita milandu ikuluikulu ngati yakupha. Pamwamba penipeni khoti lomaliza la apilo. Ndipo anati onsewa ali pansi pa malamulo aakulu a dziko, amene amanena kuti ngakhale munthu wolakwa ngati ine sayenera kungosungidwa osaweruzidwa mpaka kalekale, ndinali ndi ufulu woimirira m'khoti n'kufunsa chifukwa chake mlandu wanga sukuyenda. Ine miyezi khumi ndinkangoimirira n'kukhala pansi.

Ndinamufunsa chochita. Anati, "Ine sindingakuuzeni kuti vomerani kapena kanani, zimenezo mukudziwa ndinu. Munawamenya?"

Chiyambire palibe amene anandifunsa funso limeneli m'Chichewa, maso ndi maso, popanda mbuzi kapena mowa pakati. Ndinati, "Ndinawamenya. Kawiri."

"Ngati ndi choncho mutha kuuza khoti kuti mukusintha, mukuvomera. Koma ndisakunamizeni, mlandu wothyola fupa ndi waukulu, munthu amatha kukhala zaka. Chimene chingakupepuzireni ndi choti khoti limve kuti munagwirizana, ndipo limve kuchokera pakamwa pa wovulalayo, osati panu. Alamu anuwo angabwere?"

Ndinati sangabwere, amandida. Iye anati, "Munawafunsa?" Ndinati ayi. Anang'amba pepala m'kope mwake, ndinamuuza mawu, analemba kalata yopita kwa Esinati.

Esinati anabwera patatha sabata. Ulendo uno ndinamusiya kuti amalize mawu ake aja. Anati chisamani chilichonse chikafika, alamu ankapita nacho kwa atsibweni. Atsibweni ankati, "Unadya mbuzi iwe. Ukakaima kukhoti ndiye kuti wafukula chimene tinakwirira, ukamumangitsa mlamu wako. Khala pansi, aboma akaona kuti wodandaula sakubwera atopa okha, amutulutsa." Ndiye alamu ankati akamva kuti wapolisi wafika pamudzi, ankathawira kudambo n'kukabisala m'mabango. Miyezi yonseyo munthu ankabisala kuti andipulumutse, ine ndikuola chifukwa cha kubisala kwakeko. Palibe amene ankafunira mnzake zoipa. Tonse tinali mbuli, basi.

Ndikanakonda kukuuzani kuti ndinalira nditamva zimenezi. Sindinalire. Ndinangomuuza Esinati kuti, "Ukawauze alamu kuti ndikuwapempha abwere. Ukawauzenso atsibweni kuti ndine ndapempha, wofukula ndine." Anati atsibweni savomera msanga. Zinatengadi maulendo atatu, mpaka mkulu wanga anachokanso ku Nsanje kudzanena pamaso pawo kuti banja lathu silidzawerengera alamu mlandu akapita kukhoti.

Tsiku la khoti ndinakwera galimoto osadziwa ngati abwera. Titalowa ndinayang'ana mabenchi, ndinaona Esinati yekha. Milandu iwiri inadutsa. Dzina langa likuitanidwa, ndinawaona akulowa, atavala jekete lobwereka pa kutentha konse kuja, ataonda.

Ndinapempha kulankhula. Ndinati, "Bwana, ndikusintha. Mlanduwu ndikuuvomera, ndinawamenya." Anandiwerengeranso mlandu wonse ndi zimene dokotala analemba, n'kundifunsa ngati zili zoona, ndinati ndi zoona. Kenako a majisitireti anati asanapereke chilango akufuna kumva wovulalayo.

Alamu analowa m'bokosi la mboni. Kalaliki anawapatsa Baibulo kuti alumbire, iwo analandira ndi dzanja lamanzere. Kalaliki anati, "Lamanja, bambo." Alamu anayesa. Mkono unakwera pang'ono, kufika pa lamba, n'kuima pomwepo, zala zili zopindika. Anati, "Silikwera, bwana. Ndi pomwepa pamene limafika."

Abale, ine mkono umenewo ndinali ndisanauone chichotsereni chikhakha. Pa tsiku la mbuzi unali wokutidwa, ndipo miyezi isanu ndili pamudzi ndinali woledzera, sindinkayang'ana munthu. Ndinauona koyamba m'khoti. Ndi pamene dzanzi lija linayamba kuchoka, ndipo mukudziwa mmene mwendo umapwetekera magazi akayamba kubwerera.

Alamu ananena zonse, sanabise. Ananena za mpini, ananena kuti khasu sakuthanso kugwira. Kenako anati, "Koma munthuyu ndi bambo wa ana a mlongo wanga. Tinakhala pansi, anapepesa, ndinamukhululukira. Ndikupempha abwerere kumudzi." A majisitireti analemba nthawi yaitali. Pogamula anati mlanduwo ndi waukulu ndipo kugwirizana kwa kumudzi sikuufafaniza. Koma poona kuti ndavomera, ndi koyamba kupalamula, ndakhala kale miyezi khumi ndi umodzi, komanso mwini mkono wandipepesera, anandipatsa zaka ziwiri zoti ndikakhale kunja, koma ndikadzangopalamulanso m'zaka zimenezo ndidzalowe kukazigwira zonse. Anawadzudzulanso alamu chifukwa chothawa chisamani, anati nawonso akadatha kumangidwa. Alamu anangoti, "Ndamva, bwana."

Nditatuluka panalibe chisangalalo chachikulu. Ndinayamba ndapita ku Nsanje kukaona manda a mayi. Kumeneko ndiye ndinalira, mochedwa ndi miyezi inayi.

Zimene ndinachita pobwerera ndi zazing'ono, mwina zingathandize wina. Njira yodutsa kwa mayi wa kachasu ndinaisiya, ndimazungulira kuchigayo ngakhale ndi kutali, chifukwa ndimadzidziwa. Anzanga akumowa sindinakangane nawo, ndinangosiya kukhala nawo pansi. Nkhani ya malire tinaipititsa kubwalo la kumudzi, kumene inayenera kupita poyamba pomwe, anthu amene ankadziwa pamene panali nthochi anabwera kudzaloza, tinabzala nsenjere. Ku esiteti ya nzimbe sindinabwerere, ndimaumba njerwa ndi kulima. Mapepala anga onse a kukhoti ali mu jumbo, mu sutikesi, ndipo fodya ndinasiya.

Inu amene muli ndi kapepala ka belo m'thumba, tsiku lolembedwapolo pitani. Kaya mwagwirizana kumudzi, kaya mwadya mbuzi ziwiri, pitani, ndipo mutengane ndi mnzanuyo mukanene limodzi pamaso pa khoti. Akakufunsani ngati mukuvomera kapena mukukana, yankhani funso limenelo, zofotokoza zili ndi nthawi yake. Ngati simukumva, nenani kuti sindikumva, si mlandu. Inu akuluakulu amene mumayanjanitsa mabanja, ntchito yanu ndi yabwino, ine inandisungira banja. Koma nkhani ikakhala kuti inafika kale kupolisi, musamuuze munthu kuti akhale pansi.

Zaka ziwiri zija zinatha, boma ndilibe nalonso mlandu. Kumudzi unatha kalekale. Tsiku lina ndinawafunsa alamu ngati anandikhululukiradi, kapena ankangonena kuti nditulutsidwe. Anati, "Alamu, ine ndinakhululuka tsiku la mbuzi lomwe lija. Koma mkonowu sunamve." Ndiye madzi akaphwa chaka chilichonse ndimayamba kuunda mizere ya m'dimba mwawo, yanga pambuyo. Palibe khoti limene linandilamula, ndipo palibe tsiku limene analemba kuti ndidzasiye. Iwo amabwera m'mbuyo mwanga ndi mbewu ya mbatata, n'kumabzala ndi dzanja lamanzere.

Takhuta, abale, ndiye zikomo wa kwathu ameneyo. Ndathera pomwepa.